Mbava ya Pansi pa Mawaipa

Galimoto ya mayi Florence inafika pa galaja yanga Lachinayi m'mawa ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri. Anthu a pa Golomoti sachedwa kuseka, ndipo tsiku limenelo anaseka mpaka ogulitsa tomato kuiwala malonda awo. Pachiwongolero panali a Jailosi, dalaivala wa galimotoyo, atavala malaya oyera osita bwino ngati akupita kukaimira ukwati. Iwo okha ndiwo sankaseka.

Ine ndine Ndaziona, ndimakonza zamagetsi za galimoto. Galaja yanga ndi malata asanu ndi limodzi okhomedwa pamitengo, kuseri kwa msika. Anthu ambiri amabwera kwa ine akakanika kwina konse, ndipo amafika nkhope zikuchita kunena kuti tingomuyesako mzimayiyu, mwina mwamwayi. Ndinazizolowera, koma kupsa nazo mtima sindinasiye.

A Jailosi anatsika, anathokoza mwini ng'ombe, kenako anavula chipewa.

"Achemwali, ndabwera ndi mlandu, osati galimoto," anatero. "Ikakwana thu koloko abwana afika kuchokera ku Lilongwe. Akuti akangotsika basi tikupita ku polisi."

"Mwatani, bambo Jailosi?"

"Akuti ndine mbava."

Nkhaniyo ndinali nditaimva kale, poti pa Golomoti nkhani imathamanga kuposa minibasi, koma ndinawasiya afotokoze okha. Galimotoyo ndi yokwera anthu asanu ndi awiri. Imanyamula anthu pakati pa Golomoti, Mua ndi Mtakataka, ndipo masiku ena imakwera Khwekhwelere mpaka ku Dedza. A Jailosi anali atayiyendetsa zaka zisanu ndi chimodzi osagunda ngakhale nkhuku. Masabata awiri m'mbuyomo, nyali yachikasu ya pa dashibodi inayaka, injini n'kuyamba kutsokomola. Tsiku lina inkalira bwinobwino, tsiku lina inkazima pakati pa phiri, okwera n'kutsika kumaika miyala kumatayala.

Mayi Florence anaitanitsa makaniko wa ku Salima, dzina lake Onani, amene ali ndi kompyuta yoyezera galimoto yaikulu ngati thireyi. Kompyutayo inatulutsa makodi khumi ndi limodzi. Makodi ndi tinambala timene galimoto za masiku ano zimadandaulira, kunena kuti apa ndi apa pakundipweteka. Onani anawerenga, n'kusintha masensa anayi, tizipangizo timene timauza injini za mpweya, za kutentha ndi zina zotero. M'mawa mwake makodi onse anabwerera, osasowapo ndi limodzi lomwe.

Apa ndi pamene Onani anandinyansa. M'malo movomera kuti zamukanika, anauza mayi Florence kuti masensa amene anachotsawo anali achinyengo, munthu wina anazula enieni n'kukagulitsa, ndipo mwina ngakhale bokosi la kompyuta ya galimotoyo analisintha. Munthu wina ndani, poti makiyi amasunga munthu mmodzi? Lolemba mayi Florence anapita pa siteji, pamaso pa madalaivala, oitanira ndi amayi ogulitsa zitumbuwa, n'kuwatchula a Jailosi dzina lija. Anawapatsa masiku atatu kuti abweze zimene anaba.

"Ndibweza chiyani, achemwali? Ine sensa sindidziwa n'komwe kuti imakhala pati. Ntchito ikatha ithe, ndikalima thonje. Koma dzinali ndikalitaya kuti?"

Ndinayang'ana nthawi. Inali itangopitirira naini koloko.

Kompyuta yanga ndi kachinthu kochepa ngati bokosi la machesi. Ndimakalumikiza pansi pa chiwongolero, zotsatira zake n'kumaonekera pa foni. Onani atakaona tsiku lina anati ndi choseweretsa ana. Kanatulutsa makodi omwewo, khumi ndi limodzi. Sensa ya mpweya, sensa ya kutentha kwa madzi, sensa ya chopondera mafuta, zonse zikulira kuti tadwala.

Tsono taganizani. Nyumba khumi ndi imodzi za mudzi umodzi zikazima magetsi nthawi imodzi, munthu wanzeru sathamangira kugolosale kukagula mababu khumi ndi limodzi. Amayang'ana nthambo imene nyumbazo zimadyera pamodzi. Masensa ambiri a injini amalandira magetsi ochepa, mavolti asanu, kudzera m'waya mmodzi wochokera ku bokosi la kompyuta. Waya ameneyu akavulala, onse amalira limodzi. Izi anatiphunzitsa chaka choyamba kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo ndikhulupirira Onani anaziphunziranso. Kungoti kugula sensa n'kosavuta kusiyana ndi kuwerama padzuwa n'kumatsata waya.

Ndinatsegula bonati, ndinazula pulagi ya sensa ya mpweya, n'kulowetsamo mita yanga yoyezera magetsi. Inawerenga mavolti asanu. Ndili pafupi kuichotsa inatsika mpaka imodzi, n'kukweranso yokha. Ndinazula masensa enawo imodziimodzi, kuti ndione ngati pali ina imene ikukoka magetsi a zinzake. Mita sinasinthe khalidwe lake. Pamenepo ndinadziwa kuti vuto silinali m'masensa.

Ndinasuzumiranso bokosi la kompyuta, kuseri kwa kabati ya kutsogolo. Zomangira zake zinali ndi fumbi lakalekale, palibe sipanala imene inazikhudzapo. Ndinawaonetsa a Jailosi.

"Ndiye kuti ndapulumuka?" anafunsa.

"Ayi, bambo. Fumbi silingawaimitse mayi Florence. Iwo akufuna galimoto yolira."

Mawaya a galimoto sayenda okhaokha. Amamangidwa pamodzi makumimakumi ndi tepi wakuda, mtolo wake kukula ngati dzanja la munthu, n'kumadutsa m'makona mmene chala sichifika. Njira yopezera wovulala ndi imodzi: kugwedeza mtolowo pang'onopang'ono, chikhatho ndi chikhatho, maso ali pa mita. A Jailosi anagwira mita, ine n'kumagwedeza. Tinayambira ku batire, tinazungulira injini yonse, tinabwereranso. Dzuwa la Okutobala pa Golomoti siliseka ndi munthu, ndipo malata anga ankachita kuthetheka. Leveni koloko inakwana, thwelofu inakwana. Ndinali nditasenda tepi malo asanu, mawaya onse osalala ngati angotuluka m'sitolo. Ndinadzicheka chala pa chitsulo, ndipo ndinanena mawu amene sindingawalembe pano. A Jailosi anayang'ana kumbali ngati sanamve.

Ndivomere chinthu chimodzi chimene ndimachita nacho manyazi. Nthawi imeneyo ndinawayang'ana mozemba a Jailosi, n'kudzifunsa kuti kapena Onani ananena zoona, bambowa pali chimene anachita. Munthu ukatopa umafuna woti umuloze chala, ndipo amene ali pafupi ndiye amalozedwa. Ndinawaona akupukuta mita yanga ndi mpango wawo kuti thukuta lisadontherepo, maganizo aja n'kundichokera. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma akuluakuluwo analibe mayi Florence akubwera pa basi ya thu koloko.

Ndinakhala pa tayala kuti ndimwe madzi, ndipo ndi pamene ndinaona ntchentche. Osati ziwiri zitatu zimene zimatsata thukuta la munthu ayi, koma zikuluzikulu zobiriwira zija, zitaunjikana pa pulasitiki wakuda wa pansi pa mawaipa, pamene galasi lakutsogolo limakumana ndi bonati. Zinkalowa m'timabowo n'kumatuluka. Galimotoyo inali yotsukidwa bwino, poti a Jailosi amatsuka ngakhale galimoto yakufa. Nanga ntchentche zinkafunapo chiyani? Ndinaikapo mphuno. Amati tsoka silinunkha, koma la a Jailosi linkanunkha nsomba.

Ndinamasula mawaipa onse awiri, n'kutukula pulasitiki uja. Fungo limene linatuluka linawabweza a Jailosi mpaka kumpanda. M'ngalande ya pansi pake, imene ntchito yake ndi kutaya madzi a mvula, munali matope a mamba a nsomba, atatseka timabowo tonse totulukira madzi. Pakona, pamene mtolo wa mawaya umalowera m'kati mwa galimoto, panali chisa cha makoswe: tizidutswa ta mlaza, gaga, thonje la mumpando ndi tepi wakuda wotafunidwa. Nditachikankha ndi sikuludiraiva, mawaya anayi anaonekera atasendedwa, mkuwa wake utabiriwira. Mmodzi anali atagona pa chitsulo cha galimoto.

Ndinamutukula ndi chala, mita inaima pa mavolti asanu osagwedera. Ndinamusiya, mita inagwa.

"Ndamugwira!" ndinakuwa, mpaka mayi wogulitsa mandasi kumsika kusuzumira pampanda.

Aliyense woyenda msewu wa kunyanjawu amadziwa mmene timanyamulira nsomba zaziwisi. Sitiziika m'kati, galimoto inganunkhe mwezi wathunthu. Timazitunga pa mlaza n'kuzipachika kunja, pa kalilole wa m'mbali kapena pa waipa, kuti mphepo iziziwomba. Madzi ake amadontha njira yonse. Apa anali atadonthera m'ngalande muja kwa miyezi ndi miyezi, makoswe n'kupeza chakudya ndi pogona malo amodzi.

"Bambo Jailosi, amapachika nsomba pa waipa ndani?"

Anayang'ana pansi, chipewa chikuzungulira m'manja.

"Pa galimoto ino wokwera saloledwa kupachika kanthu. Ndi lamulo la abwana."

"Sindinafunse za okwera."

"Loweruka lililonse timapita ku Mtakataka," anayankha motsitsa mawu. "Abwana amakagula chambo cha kunyumba kwawo. Pa kalilole amakana, amati madzi ake amathimbiritsa penti wa chitseko. Ndiye timapachika apa."

"Nanga galimotoyi imagona kuti?"

"Kuchigayo kwawo, pafupi ndi matumba a gaga."

Ndinaseka mpaka misozi, koma a Jailosi sanandithandize kuseka. Anandiyandikira ngati akuopa kuti makoswewo amva.

"Achemwali, ndikupempheni. Tayani zinyalalazi, mulumikize mawaya, tingoti yakonzeka. Abwana ndi munthu wamkulu, tisawachititse manyazi."

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Munthu amutchula mbava pa siteji dzuwa likuswa mtengo, iye n'kumadera nkhawa manyazi a womutchulayo! Ulemu ndi wabwino, nanenso ndinaleredwa nawo, koma ulemu wina umangothandiza anthu kutipondera pamutu.

"Ndikataya chisachi," ndinawauza, "mawa anena kuti mwabweza masensa mwakabisira chifukwa choopa polisi. Dzina lija likhala lanu mpaka kumanda. Pano sindikhudzapo kanthu mpaka adzaone ndi maso awo."

Anakhala pa benchi. Ndinawagulira mandasi awiri, ndipo anangowagwira m'manja mpaka nthawi kukwana.

Mayi Florence anafika itadutsa thu koloko, pa kabaza wa njinga yamoto, Onani ali pa njinga ina pambuyo, kompyuta yake ili m'khwapa. Ndi mayi wathupi, mwini chigayo ndi galimoto ziwiri, ndipo mawu awo amafika iwo eni asanafike. Kumbuyo kwawo kunabwera theka la siteji, chifukwa palibe amene ankafuna kudzamva nkhaniyi kwa mnzake.

"Inu a Jailosi! Wakupatsani chilolezo ndani chobweretsa galimoto yanga kuno? Mukufuna amalize kuzula zotsalazo?"

"Takulandirani, mayi," ndinatero ine. "Mbava yanu ndayipeza. Bwerani muone pamene imagona."

"Mayi, musataye nthawi," anatero Onani akumwetulira. "Kompyuta yanga sinama. Makodi leveni."

"Sinamadi, achimwene. Inakuuzani kuti masensa akulira. Inu simunafunse kuti akulira chiyani."

Ndinapempha a Jailosi alize injini. Inalira movutikira. Ndinatukula waya uja ndi kamtengo kuti asakhudze chitsulo, injini n'kusalala nthawi yomweyo. Ndinawapatsa mayi Florence foni yanga, ndinafufuta makodi onse iwo akuona, foni n'kutsala mbee. Kenako ndinasiya wayayo. Injini inatsokomola n'kuzima, makodi n'kuyamba kundandalika pa foni m'manja mwawo. Ndinabwereza katatu, ndipo kachitatuko kamtengo ndinapatsa Onani kuti ayese yekha. Anayesa. Anangosamutsa kompyuta yake kuichotsa m'khwapa ili kuiika m'khwapa linalo.

"Wasenda mawayawa ndani?" anafunsa mayi Florence, mawu atatsikako.

Ndinatola chisa chija ndi pulayazi, ndinachiika pa katoni, n'kuikankhira kumapazi awo. Anawerama, anatola kachidutswa ka mlaza kali ndi mfundo yake, n'kukatembenuza. Anayang'ana mamba, anayang'ana gaga, anayang'ana mawaipa amene ndinawagoneka pansi. Mayi Florence ndi aukali, koma si opusa.

"Makoswe a kuchigayo," anatero. "Ndipo nsombazo ndi zanga."

Wina m'gulumo anayamba kuseka, anzake n'kumutseka pakamwa.

Ntchito yotsalayo sinanditengere ola. Ndinadula mbali zonse zowola, ndinalumikiza mawaya atsopano, ndinawotcherera, ndinakulunga bwino, mtolo wonse n'kuuveka paipi ya pulasitiki yolimba. Ndinatsuka ngalande ija n'kutsegula timabowo take. Ndisanatseke bonati ndinafunsa kumene kunali masensa akale, achinyengo aja. Anali m'jumbo kubuti, akudikira kukakhala umboni ku polisi. Ndinachotsa atsopano a Onani onse anayi, n'kubwezeretsa akalewo, anthu akuona.

"Lizani, bambo Jailosi."

Inalira kamodzi n'kamodzi. Nyali yachikasu inayaka n'kuzima, monga imachitira pa galimoto yopanda vuto. Tinadikira kuti injini itenthe. Ndinagwira mtolo wa mawaya ndi manja awiri n'kuugwedeza ndi mphamvu zanga zonse, injini osaphethira n'komwe. Ndinauza Onani alumikize kompyuta yake yaikulu ija, kuti pasadzapezeke wonena kuti kanga kananama. Anawerenga, anawerenganso, n'kunena ndi pakamwa pake kuti palibe chimene chatuluka.

Phokoso limene linabuka pamenepo analimva a kumsika onse. Amayi a zitumbuwa anaimba nthungululu, oitanira ankamenya denga la galimoto, madalaivala ankalimbirana dzanja la a Jailosi, ena mwa iwo omwe aja anawathawa maso sabata yonse. Ine, ndisaname, ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chitsegulire galaja imeneyi. Ndinkafuna Golomoti yense adutse pamenepo mmodzimmodzi aone mzimayi amene amangomuyesako uja.

A Jailosi anazimitsa injini, anatsika, n'kupereka makiyi kwa mayi Florence ndi manja awiri.

"Galimoto yanu iyo, abwana. Yonse, mmene munandipatsira."

Mayi Florence sanawalandire makiyiwo. Anatembenukira ku gulu lija, ndipo anakweza mawu monga anachitira Lolemba.

"Tamverani nonse. Ndinanena mawu oipa pa bambo awa, inu mukumva. Ndinalakwa. Sanabe kanthu. A Jailosi, mundikhululukire. Makiyiwo ndi anu."

Ndinayesa zathera pomwepo, ndipo ndinayamba kutolera masipanala anga. Koma a Jailosi anaimabe, makiyi ali m'manja.

"Ndamva, abwana, zikomo. Koma amene amva pano ndi a pa siteji. Kwathu akazi anga, mayi a Emily, sanapondeko kumjigo chiyambire Lolemba. Anzawo akawaona amasiya kucheza. Madzi akukatunga kumtsinje, kutali, okhaokha. Ndikapita ndekha kukanena, anthu aziti ndadzikonzera nkhani."

Mayi Florence anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Kenako anatsegula chitseko chakutsogolo, n'kukhala pampando wa pambali pa dalaivala, chikwama pamiyendo.

"Tiyeni," anatero. "Tikayambire kunyumba, tikawatenge mayi a Emily ndi ndowa yawo. Tikachoka pamenepo mukaimike galimotoyi pamjigo penipeni. Ndikalankhula ndine."

A Jailosi anapukuta maso ndi mkono wa malaya, analowa, n'kuliza injini. Zaka zonsezi sindinawamvepo akuliza hutala popanda chifukwa, koma tsiku limenelo anatuluka pa galaja yanga akuiliza, ndipo tinkaimvabe galimoto itabisika kale kuseri kwa milambe ya njira ya ku Mua.